Esinala Anafika Lachinayi

Esinala anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, koma m'mudzi mwawo, kutsidya kwa Shire m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, anthu anali atasiya kumutchula dzina. Ankangoti mwana wa a Kaitano, uja amakhala kuseri.

Zinayamba chaka cha namondwe Freddy. Matenda a uchembere anamugwira madzi atazinga mudzi wonse, anthu ataunjikana pabwalo la sukulu. Anavutika masiku atatu pansi pa lona, mwana atapingasa. Pamene boti inkafika naye kuchipatala, mwanayo anali atafera kale m'mimba. Anamutulutsa, Esinala anapulumuka, koma kuyambira pamenepo mkodzo sunkamumveranso. Unkangotsika wokha, kaya waima, kaya wakhala, kaya ali pakati pa anthu. Ntchafu zake zinasupuka, zilonda zake zosapola.

Mwamuna wake, Paulo, anapirira miyezi inayi. Kenako anati akupita ku Nchalo kukafuna ntchito yodula nzimbe, ndipo uthenga woyamba umene unabwera kuchokera kumeneko unali wakuti wakwatira. Apongozi ake anamuperekeza kwa bambo ake ndi beseni limodzi ndi kathumba ka zovala. Mayi ake anali atamwalira kale, choncho anatsala awiriwiri ndi a Kaitano, msodzi wokalamba wa mawu ochepa, amene anamumangira kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba yawo.

Kale Esinala ankawamba milamba ndi mphende n'kumagulitsa pamsika. Atayesa kuyambiranso, amayi ankafika pa lichero lake, n'kukwinya mphuno, n'kupita kwa wina. Kutchalitchi anayamba wakhala kumbuyo, kenako panja pawindo, kenako anasiya. Nsanza zake ankakachapa kutali ndi dooko, m'bango, kumene anthu ankaopa ng'ona. Iye sankaziopanso. Anaphunziranso kusamwa madzi. Ngakhale mwezi wa Okutobala, dzuwa likamang'amba nthaka, ankangonyowetsa milomo basi.

Lachiwiri lina masana kunafika munthu panjinga, atavala yunifolomu ya buluu. Anali a Harold, mlangizi wa zaumoyo amene anali atangobwera kumene kuderalo. Anapeza a Kaitano akusoka ukonde pansi pa mtengo.

“Baba, ndamva pamjigo kuti muli ndi mwana wodwala. Ndingamuone?”

A Kaitano sanadzutse mutu. “Tayenda naye kwa asing'anga atatu. Wina ku Mozambiki. Zinakanika.”

“Nkhabe, ayi baba, si zolodzedwa zimenezi. Ndi matenda, dzina lake fisitula. Mwana akachedwa kubadwa amaboola chikhodzodzo cha mayi. Pobowokapo amasoka.”

Esinala anali akumvetsera kuseri kwa mpanda. Atamva mawu akuti amasoka, anagwira mzati.

A Harold anafotokoza kuti pachipatala china cha mishoni, kupitirira Bangula, pamabwera madokotala ochokera kunja chaka ndi chaka. Amabwera mwa kufuna kwawo, pamgwirizano ndi chipatalacho, ndipo wodwala salipira kanthu. Kenako anatsitsa mawu.

“Koma ndachedwa kukudziwani. Anafika sabata yatha. Lachisanu akunyamuka.”

“Lachisanu lake liti?” anafunsa Esinala, akutuluka kuseri kuja. Anali asanalankhule ndi mlendo kwa chaka chathunthu.

“Lomwe lino, mayi.”

A Kaitano anapinda ukonde wawo usanathe kusokedwa.

Ananyamuka Lachitatu m'mawa pa bwato la a Kaitano, poti Esinala sakanatha kukhala m'boti yodzaza anthu. A Kaitano ankadziwa njira zonse za m'dambomo, koma chaka chimenecho namasupuni woyandama pamadzi uja anali atatseka mifuleni yambiri. Ankalowa mfuleni wina, n'kupeza watsekeka, n'kubwerera cham'mbuyo. Pena ankatsika, madzi akufika m'chifuwa, n'kumakoka bwato ndi manja. Dzuwa litafika paliwombo anapeza mvuu yaikazi ili ndi mwana wake pakati pa njira imene inali yotseguka. Anadikira m'bango maola awiri mpaka inasuntha. Ulendo wa theka la tsiku unawatengera tsiku lonse, ndipo anagona pazisakasa za asodzi. Esinala anagona payekha, cha kumphepo.

Lachinayi m'mawa anakocheza pafupi ndi Bangula. A Kaitano anasiya bwato m'manja mwa msodzi mnzawo ndipo anakwera minibasi. Esinala anali atamanga nsanza zitatu, n'kuyala pulasitiki pampando. Chiyambire Lachiwiri madzulo anali asanamwe kanthu. Anakhala pawindo, maso pansi, akupempha mumtima kuti thupi lake limusungire ulemu kwa ola limodzi lokha.

Sanapite patali. Mayi wina wa kumbuyo anayamba kudzikupiza ndi mpango. Mnyamata wina anaseka. Kenako bambo wa chipewa anati, “Kondakitala, mwanyamula chiyani m'galimoto muno?”

Galimoto inaima. Kondakitala anayang'ana pansi pampando, pamene timadontho tinali titayamba kuyenderera.

“Madala, pepani, tsikani naye. Anthu akudandaula.”

“Mwananga, tikupita kuchipatala. Ndi pompano apa.”

“Tsikani, madala.”

Anatsika. Minibasi inapita n'kuwasiyira fumbi. Esinala sanalire. Anangoyamba kuyenda m'mbali mwa msewu, bambo ake akumutsatira ndi kathumba. Kunkatentha kwambiri moti phula linkanyezimira ngati madzi. Anadutsa mtengo wa mlambe, kenako kamlatho, kenako anamva kuzizira pakati pa dzuwa loswa mtengolo. Mano anayamba kugwedezeka. Anaona msewu ukupendekeka, ndipo sanadziwenso kanthu.

Anatsitsimuka ali pangolo ya ng'ombe, pamwamba pa matumba a mapira. Mwini ngoloyo anali atawapeza a Kaitano atakhala pansi m'fumbi, atamunyamula mwana wawo pamiyendo ngati khanda. Sanafunse zambiri. Anapatuka njira yake n'kukawatula pageti la chipatala.

Chinthu choyamba chimene Esinala anazindikira pakhonde la wodi chinali fungo. Linali fungo lake lomwe, koma silinkachokera kwa iye yekha. Amayi oposa makumi awiri anali pamenepo, ena atagona, ena akuyenda pang'onopang'ono atanyamula timabeseni tolumikizidwa ndi kapaipi. Panali agogo a imvi, panalinso kamtsikana kosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Zaka zonsezi iye ankayesa kuti matendawa ndi ake yekha padziko.

Namwino wina wonenepa, dzina lake a Mabel, anamugwira dzanja osakwinya nkhope.

“Mwafika, mayi. Imwani kaye madzi awa. Onse.”

“Ndikamwa ndinyowetsa bedi.”

“Bedi ndi lathu, tichapa. Imwani.”

Anamuyeza magazi, kenako anamulowetsa m'chipinda mmene munali mzimayi wachizungu wamtali, wa tsitsi lotuwa, maso ali psuu ndi kutopa. Ameneyo anali Dokotala Emmie. Pambali pake panali bambo wachimalawi wochepa thupi, a Leonard, dokotala wa pachipatalapo, amene ankamasulira. Anamupima onse awiri, akulankhulana m'Chingerezi nthawi yaitali. Dokotala Emmie anayang'ana pepala la magazi, n'kuvula magalasi, n'kupukuta maso.

A Leonard anaitana a Kaitano kuti alowe.

“Baba, bowo lake ndi lotheka kusokedwa. Zimenezo ndiye zabwino. Koma mwana wanu ali ndi malungo, ndipo magazi ake ndi ochepa kwambiri. Zilondazi nazo zalowa mafinya. Tikamuchita opaleshoni mawa, akhoza osadzuka. Ngakhale atadzuka, ulusi sungagwire pathupi lotere.”

“Tengani magazi anga,” anatero a Kaitano, akukwinya malaya pamkono. “Tengani onse amene mukufuna.”

A Leonard anawatsegula chikope n'kuyang'ana. “Inunso anu ndi osakwana, baba. Komanso si magazi okha. Thupi lake likufunika masabata asanu kapena asanu ndi limodzi kuti lilimbe.”

“Nanga adokotalawa?”

“Akunyamuka mawa. Adzabweranso chaka chamawa, mwezi ngati womwe uno.”

A Kaitano anatsika pampando n'kugwada pasimenti. Esinala anali asanawaonepo bambo ake atagwadira munthu, ngakhale pamaliro a mayi ake. Anakwawa ndi maondo mpaka pamapazi a Dokotala Emmie, akulankhula Chisena ndi Chimang'anja mosakaniza, mawu akuthamangitsana. Ananena za namasupuni, za mvuu, za minibasi. Anati iwo ndi okalamba, sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhalepo, ndipo akadzafa palibe amene adzamubweretse mwanayu. Dokotala Emmie sanadikire kumasulira. Naye anagwada, n'kuwagwira mapewa, misozi ikutsika, koma mutu wake unkapukusabe.

Esinala anadzuka n'kutuluka. Anadutsa khonde lija, anadutsa kukhitchini kwa odikirira odwala, mpaka kumpanda wa waya kumapeto kwa chipatala. Chapatali ankaona mzere wobiriwira wa mitengo ya m'mbali mwa Shire. Anawerenga miyezi khumi ndi iwiri pazala zake, mwezi uliwonse ndi nsanza zake, ndipo anaona kuti sangathe. Anayamba kufunafuna pamene waya anali wodukaduka.

A Mabel anamupeza atalowetsa kale mwendo umodzi.

“Mukupita kuti?”

“Kumtsinje.”

“Kukatani?”

Esinala anayesa kulowetsa mwendo winawo. A Mabel sanamukalipire. Anamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri n'kukhala pansi, moti naye anakakamizika kukhala. Anakhala choncho m'fumbimo, diresi loyera la namwino likunyowa, mpaka Esinala anayamba kulira. Analira mokuwa ngati pamaliro, kulira kumene sanalire ngakhale tsiku limene anamuuza za mwana wake.

Lachisanu m'mawa galimoto inaima pabwalo, anthu akulongedza mabokosi. Esinala anali pabedi, diripi ili pamkono, bambo ake atakhala pansi pambali pake. Dokotala Emmie analowa atavala kale zapaulendo, a Leonard ali pambuyo. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kulankhula. A Leonard anamasulira mawu oyamba, kenako anaima. Anamuyankha mzunguyo m'Chingerezi, akupukusa mutu. Anakanganako pang'ono. Potsiriza a Leonard anapumira m'mwamba n'kutembenukira kwa Esinala.

“Akunena za ine, ndiye zikundivuta kumasulira. Akuti iwo sabwera kudzangosoka ayi, amabweranso kudzaphunzitsa. Zaka zinayi ndakhala ndikugwira nawo ntchitoyi. Amayi ambiri mwawaona pakhondewo ndasoka ndine, iwo ataima pambali. Akuti bowo lanu ndi la mtundu umene ndikhoza kulitha. Akuti mukhale konkuno mpaka mulimbe, ndidzakuchiteni ine.”

“Munachitapo muli nokha?” anafunsa Esinala.

“Ayi. Mudzakhala woyamba. Ndipo ndikuuzeni zoona: kusoka koyamba ndi kumene kumagwira bwino. Ndikalakwitsa ine, iwo chaka chamawa adzapeza ntchito yovuta kuposa lero.”

A Kaitano anaimirira. “Nkhabe. Ife tinabwerera adokotala akunjawa. Mwana wanga si wophunzirirapo. Tidikira.”

“Baba,” anatero Esinala, “wodikirayo ndani?”

“Iwe, mvera.”

“Ndakumverani moyo wanga wonse, baba. Koma inu simugona pamphasa yonyowa. Dzulo akanapanda anamwinowa, bwenzi lero mukundifunafuna m'bango.” Anayang'ana a Leonard. “Mukuopa?”

“Ndikuopa, mayi.”

“Inenso ndikuopa. Mudzandisoke.”

A Kaitano anatuluka panja. Galimoto ya madokotala itanyamuka, amayi a pakhonde akuimba ndi kuwomba m'manja, iwo anali atakhala pansi pa mtengo wa nimu, atafulatira.

A Kaitano anakhala masiku atatu, kenako anabwerera kumudzi, poti kunalibe wina woti n'kuyang'anira nyumba ndi maukonde. Esinala anasamukira kunyumba ya odikirira. Ankamwa mapiritsi a magazi onunkha dzimbiri, ankadya phala la soya ndi nyemba, ndipo a Mabel ankaima pambali mpaka atsirize botolo la madzi. Masana kunkabwera a Maness, mphunzitsi amene mgwirizano womwe uja unamuika pachipatalapo kuti aziphunzitsa amayi odikirira kuwerenga ndi kulemba. Esinala anasiyira sukulu mu Sitandade 3 ndipo zilembo zinali zitamuthawa. Ankazilemba pasileti mosafuna kwenikweni, kungoti tsiku lidutse.

Kumeneko anadziwana ndi Lonely, mayi wa ku Mbenje amene anakhala ndi matendawa zaka khumi ndi chimodzi. Lonely anasokedwa ndi Dokotala Emmie weniweniyo, kachiwiri, koma ulusi unali utamasukanso pangodya ndipo ankayembekeza kuona ngati pangatsekeke pokha. Anali munthu wanthabwala. Ankati chikhodzodzo chake chili ngati dengu, ukasoka uku kwina kukuseka. Koma m'mawa uliwonse Esinala ankamuona akupapasa mphasa asanatsegule maso.

“Ngati mzungu walephera pa iwe,” anatero Esinala tsiku lina akuchapa limodzi, “a Leonard adzatha pa ine?”

“Mabowo amasiyana, mnzanga. Langa ndi khomo. Lako ndi windo.”

Sabata yachitatu malungo anabwereranso, ndipo magazi amene anali atayamba kukwera anatsika. Esinala anagona masiku anayi atayang'ana kukhoma, osayankha munthu. Lonely ndiye ankamumwetsa phala ndi supuni, akumunyoza mpaka atsegule pakamwa. Masabata asanu ndi limodzi aja anasanduka asanu ndi anayi. Mvula yoyamba inagwa. Kuchokera kwa bambo ake kunalibe uthenga.

Tsiku lake linafika Lachiwiri lina m'mwezi wa Disembala. A Mabel anabweretsa pepala lovomereza opaleshoni ndi kabokosi ka inki kodindira chala. Esinala anapempha cholembera. Zinamutengera nthawi, ndipo S anayang'ana kumbuyo, koma dzina linali lake.

Anamubaya jakisoni pamsana, thupi linafa kuyambira m'chiuno kupita kumapazi, koma maso ndi makutu zinali zamoyo. Namwino wina anaimika foni pashelefu, ndipo pagalasi lake panaoneka nkhope ya Dokotala Emmie, ali kwawo, atavala juzi. Ankalankhula ndi a Leonard modekha. Patapita kanthawi mawu aja anayamba kudukaduka, nkhope inauma, kenako galasi linada.

“Netiweki yapita,” ananong'ona namwino.

“Yesaninso.”

Anayesa kawiri, katatu. Sizinatheke. Esinala ankaona mphumi ya a Leonard pamwamba pa nsalu yobiriwira, thukuta likuyenderera mpaka m'nsidze. Manja awo anali ataima.

“Adokotala,” anatero Esinala, “musandisiye chotsegula.”

A Leonard anamuyang'ana. “Sindikusiyani, mayi. A Mabel, ndipukuteni kumaso. Foniyo isiyeni.”

Anagwira ntchito maola awiri ena.

Kenako panabwera masiku khumi ndi anayi a kapaipi ndi kabeseni, kumwa madzi mpaka mseru, osakhala tsonga, osatsokomola mwamphamvu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Esinala anapeza nsalu yanyowa ndipo anakuwa mpaka wodi yonse inadzuka, koma a Mabel anapeza kuti kapaipi kanali katapindika chabe. Tsiku lomaliza a Leonard anathira mankhwala a buluu m'chikhodzodzo n'kuika thonje loyera. Anadikira. Anamuuza atsokomole. Anatulutsa thonje lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenako analionetsa kwa a Mabel, kenako kwa iye. Linali loyera.

“Bowo latsekeka,” anatero, n'kukhala pampando. “Koma mverani. Chikhodzodzo chanu chinafota, chimasunga pang'ono. Muzipita kuchimbudzi pafupipafupi, ndipo mukanyamula cholemera timadontho tikhoza kutuluka. Mwina zidzasintha, mwina ayi. Mukadzaima, mudzabwere kuno mwezi usanakwane. Simudzaberekanso panjira ya masiku onse.”

Esinala anagwedeza mutu pa chilichonse. Anafuna kuthokoza koma pakamwa panangotuluka mawu amodzi othokozera a Chisena, “Takhuta,” kawiri.

Atabwerera kunyumba ya odikirira anapeza Lonely atakhala pamphasa. M'mawa womwewo naye anali atamuyeza komaliza, ndipo thonje lake linatuluka labuluu. Esinala anaima pakhomo, osadziwa poika nkhope yake.

“Usandibisire,” anatero Lonely. “Ndaona kayendedwe kako uli kutali. Seka, iwe. Ukapanda kuseka ndikumenya.”

Esinala anakhala pambali pake ndipo analira onse awiri.

A Kaitano anafika patapita masiku anayi, atamva uthenga kwa a Harold. Anali ataonda, akutsimphina ndi chilonda cha kuphazi chimene chinawagoneka mwezi wathunthu. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka pansi pamene anaima. Kenako anafunsa kumene kunali a Leonard, n'kupita kukaima pakhomo la ofesi yawo, chipewa chili m'manja, mpaka odwala onse atatha. Zimene anakambirana m'katimo Esinala sanazimve.

Lonely sanafune kubwerera ku Mbenje. Anapempha kuti azithandiza kukhitchini mpaka madokotala adzabwerenso, ndipo amishoni anavomera. Anawaperekeza mpaka pageti, atanyamula kathumba ka Esinala pamutu.

“Mwezi wa Okutobala udzabwere,” anatero pomupatsa kathumbako. “Ndidzafuna munthu wondimwetsa phala.”

“Ndidzabwera.”

“Usaname.”

“Ndidzabwera, Lonely.”

Lonely anatembenuka msangamsanga n'kubwerera, poti nyemba zinali pamoto.